Maola Anayi Amene Jucemar Anaba

Khalani pansi inu, ndipo iwe wakumbuyowe tseka pakamwa, ntchentche zingamangemo nyumba. Nkhani iyi ndi ya mnzanu, wa miyendo iwiri ndi tulo tambiri ngati inu nomwe.

Kuno ku Joinville mvula si mlendo, ndi mwini mudzi. Malaya ukachapa Lolemba, Lachisanu akudonthabe. Mchere umachita kulira misozi m'botolo. Mcherewo muusunge m'mutu, tiufunanso kutsogoloku.

Pamwamba pa chitunda chathu chija, chimene nonse mumatsika pa njinga mutatang'adza ngati achule, panali nyumba ya Seu Valmor ndi akazi awo Dona Ivonete. Nyumba ya mtendere. Mpunga ndi nyemba zakuda sizinkasowa, Lamulungu keke ya nthochi, ndipo supuni sinkalowa m'kamwa pemphero lisanathe. Mwana anali mmodzi yekha, Jucemar, wa zaka makumi awiri, wamtali ngati nsungwi. Tsiku lililonse akakumana ndi bambo ake ankawapsompsona dzanja.

"Mdalitso, bambo."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga."

Kumunsi kwa chitunda Seu Valmor anali ndi kashedi ka makina amodzi. Makinawo amadya timikanda ta pulasitiki, n'kutisungunula, n'kulavulira phalalo m'chikombole chachitsulo. Chikombole chikayasama pamagwa chogwirira cha buleki ya njinga, chakuda bii, chija mumafinya ndi zala kuti musakathere m'ngalande. Theka la njinga za mbali yathu ino zinkaima ndi zogwirira za Seu Valmor.

Tsiku limene ankamupatsa ntchito mwana wawo, anamuimika pa uvuni woumitsira.

"Timikanda iti n'chimodzimodzi mchere wa amayi ako," anatero. "Timamwa madzi a mumpweya. Ukatisungunula tili ndi madzi, chogwirira chimatuluka chokongola ngati mkwatibwi, koma m'kati mwake ndi bisiketi. Ndiye faifi koloko izikupeza uli kuno. Yala timikanda m'mathireyi, lowetsa mu uvuni, uzitakasa ola lililonse. Ine ndikazungulira kwa okonza njinga ndizifika naini, tiziyamba kuumba. Maola anayi. Osati atatu ndi theka. Anayi."

"Ndamva, bambo."

"Wamva ndi khutu kapena ndi mtima?"

"Zonse ziwiri, bambo."

Ndipo zaka ziwiri anamvadi. Mpaka anabwera Dirceu.

Dirceu anali wogula zotaya za pulasitiki, wa kagalimoto kokhosomola ndi dzino limodzi lagolide, limene linkamwetulira lokha ngakhale mwini wake atakwiya. Akaweruka ankakhala pa bala ya pakona, akusewera madomino, n'kumawamenyetsa patebulo ngati akupha mphemvu. Madzulo ena anamuona Jucemar akudutsa.

"Ee, mlonda wa uvuni! Tabwera kuno, sitiluma. Kodi mdala wako akukuphunzitsa ntchito, kapena akukuphunzitsa kufungatira mazira ngati thadzi?"

"Ndimadzuka m'mamawa, achimwene."

"Kapu imodzi inaphapo ndani? Ine ndagwirako m'mafakitale aakulu, mphwanga. Ola limodzi basi, timikanda tatentha, ponya m'makina. Maola anayi ndi za madala osowa kopita."

Anthu anaseka. Jucemar, poopa kutchedwa thadzi kachiwiri, anakhala pansi. Kachasu wa nzimbe uja amalowa ngati mlendo waulemu, amayamba wavula nsapato pakhomo. Akakhazikika m'pamene amayamba kusuntha mipando.

Jucemar ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ka khomo lakelake lotulukira kunjira ya kumbuyo. M'mawa mwake atatsegula maso, dzuwa linali litakwera kale kuseri kwa mitambo. Eyiti koloko! Anazemba kumbuyo, liwiro mpaka ku shedi, timikanda mu uvuni, moto wonse. Naini itakwana bambo ake anatulukira, napisa dzanja m'thireyi.

"Tatentha bwino. Maola anayi?"

"Anayi, bambo."

Bodza loyamba limatuluka ndi thukuta. Lachiwiri limangotuluka lokha ngati mwana wachisanu. Musayang'ane pansi, ndikudziwa kuti mukudziwa.

Koma kutentha si kuuma. Malaya onyowa ukawayandikiza kumoto amatentha msanga, kavaleni muone. Zogwirira za tsiku limenelo zinatuluka zonyezimira, zosalala, ndipo palibe anadandaula. Jucemar anati mumtima, ndiye Dirceu amanena zoona. Kuyambira pamenepo ola limodzi linakhala lamulo lake, bala inakhala tchalitchi chake.

Kachasu safuna mapemphero, amafuna ndalama. Dirceu anafika ku shedi m'mawa wina Seu Valmor kulibe, nasisita thumba la timikanda tatsopano ngati akusisita mbuzi ya pamsika.

"Ndili ndi tanga m'galimotomo, takuda chimodzimodzi, topangidwa ku zidebe zakale ndi mipando yothyoka. Ndikupatsa tanga, iwe undipatsa thumba ili, ndikuwonjezerapo kangachepe ka m'thumba. Usakanize. Makina alibe lilime, sangalawe."

"Kumeneko n'kuba, achimwene."

"Kuba kwa bambo ako? Zonsezi si zako zomwe mdalayo akatsamira mkono? Ukungotapako msanga."

Thumba linakwera galimoto. Sabata yotsatira linakwera lina.

Patapita miyezi iwiri kunabwera Dona Marlise, mwini sitolo yaikulu ya njinga, amene ankagula zogwirira zambiri kuposa onse. Sanapereke moni. Anakhuthula jumbo pa benchi, khwa! Zogwirira zokhazokha, zothyoka pakhosi.

"Seu Valmor, ine ndimagulitsa njinga, sindigulitsa mabokosi a maliro. Mtsikana wina walowa mu mpanda wa waya, nkhope yonse mizere. Wonyamula makalata wasiya mano awiri pa mlatho. Izi n'zanu kapena si zanu?"

Seu Valmor anatola chimodzi, nachitembenuza. Chizindikiro chawo chinali pomwepo. Anatenga china chatsopano m'bokosi, nachimanga pa chopanira, nachimenya ndi nyundo. Chogwirira chabwino chimapindika n'kukana. Ichi chinangoti thyo! ngati chinangwa chouma.

"N'zanga," anatero chapansipansi. "Ndipatseni masiku, Dona Marlise."

Apa m'pamene panayambira chisoni. Munthu wamkulu uja anayamba kufunafuna matenda a zogwirira zake. Anati mwina moto wa makina wachuluka, ukupsereza phala, anauchepetsa. Thyo! Anati mwina wachepa, anauwonjezera. Thyo! Anati mwina phala likulowa mwaliwiro, analichedwetsa. Anamasula chikombole, nachipukuta tsiku lathunthu, nakuza kabowo kolowera phala, nasalaza pakhosi pamene zinkathyokera. Thyo! Anagula choyezera kutentha chatsopano cha uvuni. Anakakangana ndi wogulitsa timikanda mpaka kutukwanizana, munthu amene anagulana naye zaka khumi ndi zisanu. Anaitana mnzawo wakale wodziwa makina, amene anagona pansi pa makinawo maola atatu n'kutuluka akupukusa mutu.

Ndipo tsiku lililonse funso linali lomwe lija, lofunsidwa mosakayika, ngati munthu wofunsa ngati kunja kwacha.

"Maola anayi, eti?"

"Anayi, bambo."

Jucemar ankaima pambali atagwira nyundo, akuwaona bambo ake akuwonda. Lamba anaboola bowo lina. Keke ya Lamulungu inkabwerera kukhitchini yosadulidwa. Mnyamata ankati mumtima, mawa ndidzuka faifi, ndiumitsa bwino, zonse zitha zokha popanda wodziwa. Koma mawalo linkamupeza ali m'bulangete, mutu ukulira ng'oma.

Amayi ndiye sapusitsika. M'mawa wina Dona Ivonete analowa m'kachipinda kaja kukatenga zochapa, napisa dzanja pa bedi. Pofunda. Koloko ikuti eyiti. Madzulo anamudikirira pakhomo la kumbuyo.

"Jucemar, bedi lako lili ndi malungo?"

"Bwanji, amayi?"

"Limatentha lokha mpaka eyiti koloko mwini wake atachoka faifi. Ndipo malaya akowa akununkha munda wonse wa nzimbe. Ine ndinakubereka, sindinakutole pamsika. Bambo ako akutha ngati kandulo. Ngati pali chimene ukudziwa, kanene lero."

"Palibe, amayi. Mumangondiganizira zoipa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga. Amene akukusekererawo sadzabwera kudzakulirira."

Dona Ivonete anakawauza amuna awo kuti tsiku limodzi lokha adzuke faifi, akaone okha ku uvuni. Seu Valmor anakwiya koyamba m'nyumba imeneyo.

"Ivonete, tsiku limene ndidzayambe kulondera mwana wanga, ndiye kuti shedi ndatseka kale. Wanena kuti anayi. Ndi anayi."

Anagulitsa akodiyoni yawo, imene ankaimba pa maukwati, nagula matumba anayi a timikanda kwa wogulitsa wina wa ku Curitiba. Kenako anapita kwa Dona Marlise kukapempha mwayi womaliza.

"Mwayi?" anatero mayiyo. "Chabwino. Zatsopanozo mukazimange pa njinga yanu yomweyo, mutsike nazo chitunda chanu chija bokosi lili pakaliyala. Mukafika pano wamoyo, ndigula."

"Chimene sindingakwere ndekha sindingagulitse," anayankha Seu Valmor. "Lachiwiri m'mawa mundiona."

Loweruka Dirceu ananunkhiza matumba atsopano aja ngati fisi.

"Awiri ndi anga."

"Iyayi, achimwene, awa okha ayi. Ndasiya."

"Wasiya? Dzino lagolide ili limadziwa kuyankhula, mphwanga. Ndingokwera chitundachi, ndikagogode, ndikati, Seu Valmor, matumba anu asanu ndi awiri ali kwathu, anabwera ndi miyendo ya mwana wanu. Usankhe."

Matumba awiri anakwera galimoto, a zidebe zakale anatsika. Lamulungu Jucemar anamwa kuti aiwale. Lolemba, tsiku loumba, anadzuka eyiti.

Tsopano mverani nzeru za Satana, zimene amapatsa ana ake ulere. Pa shelefu ya pamwamba panali chitini chokhala ndi zogwirira zitatu za chaka chatha, za nthawi imene Jucemar anali munthu. Zogwirira zikamatuluka m'makina zinkagwera m'beseni la madzi kuti zizizire. Jucemar anaponyamo zitatu zakale zija bambo ake atatembenuka.

"Patse zitatu zoyamba," anatero Seu Valmor.

Anawapatsa zakale. Nyundo, gu! Chinapindika, chinakana. Chachiwiri, gu! Chachitatu, gu! Seu Valmor anaponya chipewa kudenga. Munthu wa imvi anavina mozungulira makina, namukumbatira mwana wawo, misozi ili mbwee.

"Anali timikanda, mwana wanga! Ndinadziwa! Tapulumuka!"

Kenako anapisa dzanja lawo m'bokosi la zatsopano, natola ziwiri. Anamasula zogwirira zakale za pa njinga yawo, naziponya pa benchi, namanga zatsopano. Anafinya pang'onopang'ono, zinagwira. Zoterezi zimapirira ukamazinyengerera, zimathyoka ukazidzidzimutsa. Jucemar ankadziwa. Anangotola zakale zija mwakachetechete n'kuziika m'thumba la buluku. Anati mumtima, m'bandakucha ndidzuka, ndizibwezera pa njinga, sazindikira.

Madzulo Seu Valmor anaikankha njinga kukwera chitunda, bokosi lili pakaliyala. Pa chakudya chamadzulo Seu Valmor anapemphera nthawi yaitali, nathokoza Mulungu chifukwa cha timikanda ta ku Curitiba, ndi chifukwa cha mwana wokhulupirika amene sanawasiye m'masiku ovuta. Dona Ivonete sanatseke maso. Ankamuyang'ana mwana wawo.

"Bambo," anatero Jucemar.

"Ee, mwana wanga?"

Mawu anafika pammero, anasuzumira kunja, anaona nkhope ya bambo ikuwala koyamba m'miyezi iwiri, anabwerera.

"Mundipatsireko mchere."

Anagwedeza botolo, gwede gwede, mchere wosatuluka, wanyowa. Bambo ake anaseka. "Ukufunika maola anayi umenewo!"

Atadya, Jucemar anazemba pakhomo la kumbuyo. Anati, kapu imodzi yokha, yolimbitsa mtima, ndibwerako. Nonse mukuidziwa kapu imodzi. Ili ndi azing'ono ake ambiri, ndipo sayenda okha.

Chimene chinamudzutsa ndi belu. Ngiri ngiri! Belu la njinga ya bambo ake, limene ankaliza potsanzika akazi awo pa geti. Kunja kwayera, mvula ikuwaza. Jucemar anapisa dzanja m'thumba la buluku amene anagona naye. Zogwirira zakale zili momwemo.

Anatuluka wopanda nsapato. Pamene ankazungulira nyumba, njinga inali itayamba kale kutsetsereka, bokosi lili pakaliyala, chipewa chili pamutu, munthu akuimba mluzu.

"Bambo! Bambo, imani! Sanali anayi! Bambo!"

Mvula ndi mphepo zinadya mawuwo. Seu Valmor anamva chabe kuti wina akuitana, anakweza dzanja osacheuka, kupereka moni. Jucemar anathamanga, miyala ikung'amba mapazi. Koma ndani anapezapo njinga pa chitunda chimenechi? Ankangoona msana wa bambo ake ukuchepa, ukuchepa.

Kumunsi kuja, pamphambano, kunatulukira lole yonyamula zitini za gasi. Seu Valmor anafinya ndi mphamvu zawo zonse, manja onse awiri.

Thyo! Thyo!

Jucemar ali kutali anaona tizidutswa tiwiri takuda tikuuluka. Bambo ake anakhotetsa kuti alewe lole, njinga inakamenya chipupa cha ngalande, munthu anauluka, nakagwa chagada pa simenti. Bokosi linaphulika. Zogwirira mazanamazana zinamwazika mumsewu monse, ndipo anthu othamangira kudzathandiza ankaziponda, zikungoti thyo, thyo, thyo pansi pa nsapato zawo.

Sanafe. Nthawi zina imfa imakana kuti wolakwa aone bwino ntchito ya manja ake. Msana unathyoka. Madokotala anati kuyambira m'chiuno kutsika, kwatha.

Tsiku lachitatu, kuchipatala, Seu Valmor atatsegula maso, mawu awo oyamba sanali a ululu.

"Ivonete, ndiye si timikanda. Nanga n'chiyani? Ndasiya chiyani?"

Jucemar anagwada pambali pa bedi. Anatulutsa zogwirira zakale ziwiri zija, naziika pa nsalu. Ananena zonse: bala, eyiti koloko, ola limodzi, matumba asanu ndi anayi, zidebe za Dirceu, chitini cha pa shelefu. Amayi ake anaphimba nkhope ndi mpango.

Seu Valmor anayang'ana kudenga.

"Ndinamasula makina onse mpaka kabawuti komaliza," anatero. "Ndinanyoza munthu wosalakwa. Malo amodzi okha ndi amene sindinatsegule, chifukwa ndinkati ndinapanga ndekha, ndikuwadziwa m'kati mwake."

"Mdalitso, bambo," analira Jucemar, akufuna dzanja.

Dzanjalo linalowa pansi pa nsalu. Nkhope inatembenukira kukhoma.

Dirceu? Mufunsenji. Kagalimoto kake kanakhosomola ulendo wa ku Paraná tsiku lomwelo. Ngakhale nthochi imodzi kuchipatala sanatumize. Makina anagulitsidwa, shedi pano akusungiramo matayala. Dona Marlise anayendayenda kumasula zogwirira zonse pa njinga zimene anagulitsa. Dona Ivonete anayamba kuchapira anthu zovala, m'tauni imene zovala siziuma.

Jucemar kachasu anasiya, inde. Analembedwa ntchito pa fakitale ya eni ake, ndipo mukudziwa ntchito yake? Kuumitsa timikanda. Amafika faifi isanakwane, amakhala pa uvuni maso ali pa koloko, anzake mpaka anamupatsa dzina loti Thadzi. Koma maola onse amene waumitsa kuyambira pamenepo sanadzutse chala chimodzi cha kuphazi kwa bambo ake.

Chaka chathunthu ankapempha mdalitso m'mawa uliwonse, chaka chathunthu dzanja linkakhala pansi pa bulangete. Lamulungu lililonse ankawakweza bambo ake pa chikuku, kutsika nawo chitunda kupita ku tchalitchi. Chikuku n'cholemera, chitunda n'choterera. Amatsika chammbuyo pang'onopang'ono, zidendene atazikhomera pansi, mitsempha ya m'manja ili tololo. Lamulungu lina, mvula ikugwa, phazi linaterereka pafupi ndi mphambano ija. Chikuku chinamukankha. Anagwa ndi maondo, khungu linatsala pa miyala, koma manja sanasiye.

Ali chogwada choncho, akupuma ngati galu, anamva dzanja likumugwira pamutu.

"Wagwira?"

"Ndagwira, bambo."

"Usasiye. Buleki ina ndilibe." Dzanjalo linamusisita pamutu. "Mulungu akudalitse, mwana wanga."

Mukawaona Lamulungu likubwerali, musawayang'anitsitse ngati simunaonepo anthu. Mupereke moni, mudutse.

Tsopano iwe wakumbuyo uja, pakamwa watseka tsopano, eti? Imva. Ulesi umabereka bodza, bodza limabereka kuba, ndipo ana onsewa amadya pa mbale ya munthu amene amakukhulupirira koposa. Ntchito imene wapatsidwa kuti uichite popanda wokuona, ichite yonse, chifukwa tchimo lobisika limatuluka lonyezimira ngati chogwirira chonyowa, n'kudikira tsiku la chitunda. Ndipo ukalakwa, nena lero, pa tebulo, pamene bambo ako akadali ndi miyendo. Kulapa Mulungu amalandira ngakhale mochedwa. Koma msana sumva kupepesa.